Ndinamuphunzitsa Kuimbira Wina

Amati ukaipa dziwa nyimbo. Chigayo wanga sanali woipa, ndipo vuto lake linali lomwelo: anamutenga m'gulu la oimba chifukwa cha nkhope, nyimbo n'kutsalira m'mbuyo.

Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a m'kwaya ya bambo anga, kumene tinadziwanirana. Akatsegula pakamwa kuimba besi, mawindo a tchalitchi ankanjenjemera, makanda n'kudzuka kumsana. Ntchito yake inali yowotcherera zitsulo. Tsiku lina akukonza geti panyumba ina, mwini nyumbayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumufunsa ngati amaimba. Bamboyo ankasonkhanitsa gulu la anyamata asanu, aja ovala zofanana, ovina mofanana, oimba zachikondi ndi timawu tofewa mpaka atsikana kukomoka. Anayi anali atawapeza kale. Chigayo anakhala wachisanu, ndipo a Manijala, monga ankatchulidwira, anamupatsa ndime ya pakati pa nyimbo, pamene zoimbira zimatsika mnyamata mmodzi n'kubwera kutsogolo kudzaimba ngati akunong'ona.

Kunong'ona! Chigayo! Munthu woti akati akuuze chinsinsi amayankha ndi a nyumba yachitatu.

Bambo anga atamva kuti besi wawo wachoka m'kwaya kukaimba zogwira pamtima maso ali chitsinzire, anati nkhani ya ukwati wathu iyambe yaima. Ndinawachonderera mpaka anafewa pang'ono.

"Chabwino," anatero. "Tsiku loyamba kuimba pagulu ndidzapita ndikamumve ndekha. Ndinayamba kuimbitsa anthu iwe usanabadwe, khutu langa silinandinamizepo. Ndikakamva kuti ndi munthu woona, ndidzakupereka. Ndikakamva zachibwana, usadzanditchulirenso dzina lake."

Choncho ine, mphunzitsi wa kusukulu ya mkaka, ndinadzipatsa ntchito yosandutsa chigayo kuti chikhale chitoliro.

* * *

Tinkakumana m'kalasi mwanga ana akaweruka. Iye ankakhala pakampando ka ana, mawondo ali m'khosi, tikuonera pafoni mavidiyo a magulu otere.

"Taona," ndinamuuza. "Awa sakukankha mawu kuchokera m'mimba ngati iwe. Akuwatulutsa pamodzi ndi mpweya. Ndipo milomo ikumwetulira ngakhale akudandaula."

"Munthu chibwenzi chamuthawa n'kumamwetulira? Madamu, awa ndi amisala."

"Amisala omwewo ndi amene ukufuna kufanana nawo. Imba."

Ndinamuyatsira kandulo pafupi ndi pakamwa kuti aziimba lawi osazima. Machesi anatha. Ndinamuthamangitsa kuzungulira matebulo akuimba, kuti azolowere kupuma uku akuvina. Kupuma anaphunzira. Kukoka mawu omaliza ngati akuwanyengerera anaphunziranso. Koma akafika pamawu okwera aja, ankalira ngati tambala wachimfine.

Tsiku lina anaponya jekete pansi. "Zandikanika. Ndibwerere ku zitsulo zanga."

"Tola jeketeyo."

Ndinakoka kampando n'kukhala pafupi naye mpaka mawondo athu anagundana. "Vuto lako ukuimbira agogo a pabenchi lomaliza m'tchalitchi. Aiwale amenewo. Muno muli ine ndekha. Tiyerekeze kuti bambo agona m'chipinda chinacho, khomalo ndi lopyapyala, ndipo uli ndi mawu oti undiuze. Ndiyang'ane."

Anandiyang'ana. Anakoka mpweya pang'onopang'ono, ndiye anaimba ndime ija:

"Usatseke chitseko, ndikadali pakhomo,
ukangondiyang'ana, ndipita mokondwa."

Sindikudziwa kuti mawu amenewo ankabisala pati m'chifuwa chachikulucho. Anali ofewa, okwera, onjenjemera pang'ono kumapeto. Thupi langa lonse linachita tsemwe. Ndinkamukonda kale, koma tsiku limenelo ndinamukonda mochititsa manyazi.

* * *

Loweruka ndinamuperekeza kugalaja ya a Manijala, kumene gululo linkakonzekera. Khoma limodzi linali kalilole yekhayekha. Mnyamata aliyense anali atapatsidwa khalidwe loti azivala ngati yunifolomu. Wina anali Wamanyazi, ngakhale pakamwa pake sipankatsekeka. Wina anali Wovuta, yemwe mayi ake ankamuimbira foni kumufunsa ngati wadya. Panalinso Wanthabwala ndi Kamwana. Chigayo anali Wachikondi.

Wowaphunzitsa kuvina anali mlongo wawo wa a Manijala, mtsikana wamtali amene anyamatawo ankamutcha Zikhadabo. Zikhadabo zakezo zinali zazitali, zofiira psuu. Sindinachedwe kuona kuti mapewa a anyamata anayi aja ankawawongola ndi pakamwa, koma a Chigayo ankawawongola ndi manja.

Ndime ija itafika, Chigayo anayang'ana pakalilole n'kutulutsa tambala uja. A Manijala anagwira mutu. Atabwereza, maso ake anandipeza pachitseko pamene ndinaima, mawu aja n'kutuluka bwinobwino.

A Manijala anatsatira maso ake mpaka anafika pa ine. "Achemwali, inu ndinu ndani wake?"

Chigayo anatsegula pakamwa, koma iwo anakweza dzanja. "Ndisanamve yankho, mumve kaye lamulo. Anyamata anga alibe zibwenzi. Kaya ali nazo, dziko lisadziwe. Mtsikana aliyense wobwera kudzaonera azibwerera kwawo akukhulupirira kuti woimbiridwayo anali iyeyo. Ntchito yathu yagona pamenepo. Wophwanya lamuloli, khomo ndi ilo. Tsopano ndifunsenso, ndinu ndani wake?"

Ndinakumbukira makandulo onse aja, ndi mawu a bambo. Ndinayankha msanga Chigayo asanaononge zinthu.

"Ndine mphunzitsi wake wa mawu."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye ntchito yanu simunamalize, aphunzitsi. Patsikulo, ndime imeneyi ikafika, timaika mpando pasiteji, mtsikana n'kukhalapo, mnyamata n'kumugwadira akumuimbira m'maso. Sitingangotola aliyense, ena amakomoka, ena amang'amba malaya. Adzakhalapo ndi mlongo wangayu. Akalephera kuimbira iyeyu, ndimuchotsa."

Zikhadabo anandimwetulira mano onse ali panja. "Musade nkhawa asisi. Ndidzamusamala."

* * *

Ndisanafike n'kunyumba komwe, foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa Chigayo.

"Wanamiranji? Ine ndikusiya. Sindingagwadire mkazi wina bambo ako akuona."

Ndinaima pambali pa msewu n'kulemba: "Ukasiya, bambo adzati unathawa kwaya chifukwa cha chibwana, ndiye chibwanacho chakukanikanso. Susiya."

"Nanga anthu akandifunsa za iwe?"

"Uziti ndine mphunzitsi wako. Aliyense akafunsa, kulikonse. Lonjeza."

Yankho linachedwa. Ndinkaona kuti akulemba, n'kufufuta, n'kulembanso.

"Ndalonjeza. Koma mtima wanga sukuvomera."

Ndisanabweze foni m'chikwama, unalowa uthenga wina wochokera kunambala yachilendo. "Asisi, ndine uja wa madansi. Tandiuzeni, wophunzira wanuyu amakonda pafyumu wotani? Ndikufuna adzamasuke akadzandigwadira."

Zimene ndinalemba poyamba sizoyenera mwana wa mkulu wa kwaya. Ndinazifufuta. Walira mvula walira matope. Ndinkafuna Chigayo apambane, ndipo njira yake inkadutsa pamtsikana ameneyu. Ndinamuyankha kuti: "Mubwere kusukulu kwanga Lolemba ana akaweruka. Mudzakhale pampando."

* * *

Lamlungu masana ndinapeza mlendo pabalaza. Anali mnyamata wa kufamase, tenala wa m'kwaya ya bambo, munthu waulemu woti ngakhale potsokomola amapepesa. Bambo ankamuthirira okha madzi m'kapu, ngati mkamwini wawo kale.

"Uyu sanajombepo kukwaya," anatero akundiyang'ana ine. "Ndipo akamaimba manja amakhala kumbuyo, osati pachifuwa ngati wabayidwa."

Mlendo atapita ndinayesa kuwakonzekeretsa. "Ababa, patsikulo pali zina zimene mudzaone pasiteji, ndimati ndikufotokozereni..."

"Usandifotokozere kanthu. Woimba salankhuliridwa. Ndikamva ndekha."

Ndinakawauza mayi kukhitchini tikutsuka mbale. Ndinawauza za mpando, za Zikhadabo, za lamulo la a Manijala. Mayi anasiya mbale m'madzi n'kundiyang'ana.

"Iwe wamukana mwamuna wako ndi pakamwa pako?"

"N'zapantchito chabe, amayi."

"Ndiye ukukamuphunzitsanso kugwadira mnzako? Mwana wanga, nzeru zambiri zinakupweteka. Ndipo bambo ako asamve zoti gulu limenelo limakhalira bodza, chifukwa sadzapondako n'komwe."

Ndinapitiriza kutsuka mbale. Ndinadziuza kuti bambo akangomva mawu aja, zina zonse zidzalongosoka zokha.

* * *

Lolemba Zikhadabo anabwera atadzithira pafyumu woti ana anamumvabe m'mawa mwake. Ndinamukhazika pampando wanga wauphunzitsi, Chigayo n'kugwada patsogolo pake. Ine ndinaima kumbuyo kwa Chigayo kuti asandione.

Tambala analira. Chigayo anatembenuka kundifunafuna.

"Kutsogolo!" ndinakalipa ngati ndikukalipira mwana wa m'kalasi mwanga. "Gwira dzanja lake. Osati choncho, si pulayala imeneyo."

"Madamu, sizikutheka."

"Zitheka. Usamuyang'ane m'maso mwenimweni. Yang'ana pakati pa nsidze zake, ndipo pamenepo uikepo nkhope ya munthu amene umamuimbira bwino uja."

Tinabwereza tsiku limenelo, mawa lake, ndi mkuja wake. Ndinamuphunzitsa pomwe azipumira, pomwe azipendeketsa mutu, pomwe mawu azithyoka pang'ono ngati akufuna kulira. Ndinamuphunzitsa kuti pomaliza aziika dzanja la mtsikanayo pachifuwa pake. Zonsezi ndinkazinena ndi pakamwa panga, mtima ukutuluka magazi. Nsanje inkandidya, sindibisa. Koma ndinali nditatsimikiza.

Pomaliza ndinati, "Ine ndikutuluka. Imba ine kulibe."

Ndinakaima pakhonde, pafupi ndi pamene ana amapachika zikwama. Kenaka mawu aja anadutsa pakhoma, ofewa, athunthu, opanda pokhota. Ndinawomba m'manja ndekhandekha, misozi ikutsika, osadziwa ngati ndikulira chifukwa chokondwa kapena chifukwa chopsa mtima.

Woyamba kutuluka anali Zikhadabo. Kumwetulira konyoza kuja kunalibe. Anaima pafupi nane akusisita dzanja limene linagwiridwa lija.

"Asisi, ndifunse zenizeni. Ndinu mphunzitsi basi? Chifukwa poyamba ndinkangokuputani. Koma pano munthu uyu ndayamba kumufuna."

Ndinadziwa kuti chilichonse chimene ndinganene chikafika kwa mchimwene wake dzuwa lisanalowe.

"Mphunzitsi basi," ndinatero.

* * *

Tsikulo linafika. Holo inadzaza masana dzuwa likuswa mtengo, atsikana okhaokha, mafoni ali m'mwamba. Pakati pawo panakhala bambo anga, atavala jekete ya kutchalitchi, manja atapinda pachifuwa, nkhope ili ndwii.

Anyamata asanu aja atatulukira atavala zoyera, phokoso lake linali loti ungagonthe. Bambo anatseka khutu limodzi. Koma nyimbo yachiwiri ili mkati, mawu asanu aja atalukana bwino, ndinaona chala cha bambo chikugunda pabondo.

"Wachinayiyo akuthamanga," anandinong'oneza. "Koma enawo akumvana."

Mtima wanga unadumpha. Kwa bambo anga, mawu amenewo ndi chiyamiko chachikulu.

Kenaka zoimbira zinatsika. Wina anabweretsa mpando. Chigayo anatsika pasiteji, n'kuyenda pakati pa manja ambirimbiri ofuna kumugwira, n'kutenga Zikhadabo pamzere woyamba ngati wangomuona kumene. Anamukhazika pampando. Anagwada.

Anaimba monga sanaimbirepo. Anapuma pamene ndinamuuza. Mawu anathyoka pamene ndinamuuza. Anatenga dzanja la zikhadabo zofiira lija n'kuliika pachifuwa pake, ndipo holo yonse inaona msozi ukutsika patsaya la mtsikanayo. Umenewo sindinaphunzitse ndine.

Atsikana anakuwa mpaka denga kugwedezeka. Ine ndinatembenukira kwa bambo, chimwemwe chitandidzaza. Maso awo anali atanyowa.

"Ndinamulakwira mnyamata uyu," anatero. "Ndi woimba. Mawu amenewa m'kwaya mwanga sindinawapezepo."

"Ababa! Ndiye kuti..."

"Dikira." Anandigwira dzanja mwachifundo, ngati mmene amagwirira anamfedwa. "Mwana wanga, ndamva anthu ambiri akuimba. Munthu akhoza kunamizira kuvina, akhoza kunamizira misozi, koma mawu otere sanamizirika. Amene akumuimbirayo amamukonda."

"Ayi ababa, ndi masewero chabe! Ndine ndinamuphunzitsa!"

"Unamuphunzitsa kupuma. Chimene ndamva inecho sichiphunzitsidwa."

Ndinaimirira anyamatawo atangochoka pasiteji. "Tiyeni mukamve kuchokera pakamwa pake."

* * *

Kuseri kwa siteji kunali kothina, kukununkha thukuta ndi mafuta a m'tsitsi. Ndinawakoka bambo kudutsa pakati pa zingwe ndi masipika. Ndinkafuna ndimupeze Chigayo ali yekha, koma ndinachedwa. Anali ataima pakona, a Manijala atamugwira phewa, Zikhadabo atamukolowekera mkono, ndipo mtolankhani wa pawailesi atamulozetsa maikolofoni.

Atationa, nkhope yake inawala. "Bambo! Mwabwera!"

Mtolankhaniyo anatembenuka n'kundiyang'ana. "Kodi awa ndi ndani, a Wachikondi? Atsikana kunjaku akufuna kudziwa ngati muli ndi wanuwanu."

Ndinaona zala za a Manijala zikufinya phewa lija. Chigayo anandiyang'ana ine, anayang'ana bambo, n'kundiyang'ananso. Maso ake ankandifunsa chochita. Ndinkafuna kukuwa kuti aiwale lonjezo lija, koma ndinangoyang'ana pansi. Ndi ine ndinamumanga, ndipo iye ndi munthu wosunga mawu ake. N'chimene ndinamukondera.

"Awa," anatero mawu ali pansi, "ndi aphunzitsi anga a mawu."

"Basi?"

"Basi."

Zikhadabo anagonetsa mutu paphewa lake, wina n'kujambula chithunzi.

Bambo sanakalipe. Anangoweramitsa mutu pang'ono ngati akutsanzika, n'kunditulutsa pakhomo la kumbuyo. Kunja dzuwa linali likadalipo, magalimoto akudutsa ngati palibe chachitika.

"Wamva wekha," anatero.

"Ababa, mverani. Ndi lamulo la gululo. Akanena kuti ali ndi chibwenzi amuchotsa. Ndine ndinamuuza kuti aziyankha choncho. Ndinachita kumulumbiritsa!"

Bambo anapukusa mutu.

"Ndiye wandiuza choipa kuposa chimene ndinaona. Mwamuna woti mkazi akamuuza kuti undikane, iye n'kuvomera? Mayi ako akanandiuza zimenezo, ndikanasiya kwaya tsiku lomwelo."

"Ine sindimusiya, ababa. Mundimve bwino. Sindimusiya."

"Iwe sunamusiye. Funso n'lakuti iye ali kuti? Ukumuona pakhomo apa akukuthamangira?"

Ndinatembenuka. Chitseko chinali chotseka. Ndinachiyang'anitsitsa, ndikuchipempha mumtima kuti chitseguke.

Bambo anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa foni. Anaisendeza kutali ndi maso monga amachitira akaiwala magalasi, n'kufufuza nambala ya bambo ake a mnyamata wa kufamase. Ndinawagwira mkono, koma anali ataimba kale.

"Achimwene, muli bwanji? Eya, ndine. Nkhani ya ana athu ija ndinati muyambe mwadikira." Anandiyang'ana m'maso. "Musadikirenso. Bwerani Lamlungu."